Muli ku UK? Umu ndi mmene mungadziwire ngati HMRC ikusunga ndalama zanu za msonkho

Abale amene mukugwira ntchito kuno ku UK, makamaka inu amene munalowa pa visa ya care kuyambira mu 2022 muja, tiyeni tikambirane za msonkho. Pali anthu ambirimbiri amene anadulidwa msonkho mopyola muyezo ndipo ndalama zawo zangokhala phee kwa HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho kuno, eni ake ali kalikiliki ndi mashifiti a usiku osadziwa n'komwe. Ndiye palinso gulu lina loti likudikirira refund yomwe kulibe, chifukwa mnzawo wa kutchalitchi analandira ndiye akuona ngati aliyense amalandira chaka chikatha. Ayi ndithu. Refund si mphatso ya boma, ndi ndalama yanu yomwe munapereka yopitirira, ndipo kuti mudziwe ngati ilipo sizifuna ejenti kapena munthu wa suti, zimafuna pepala limodzi lotchedwa P60, foni yanu ndi kamphindi kokhala pansi basi.

Tiyambe ndi mmene zimayendera chifukwa mukapanda kumvetsa apa zina zonsezo muzingolota. Chaka cha msonkho kuno sichiyamba mu Januwale, chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chinacho. Mukamva akuti 2023/24 ndiye kuti kuyambira pa 6 Epulo 2023 mpaka pa 5 Epulo 2024. M'chaka chimenecho munthu wokhala kuno amakhala ndi gawo la ndalama lomwe silidulidwa msonkho, amati Personal Allowance, ndipo chiyambire 2021/22 lakhala lili pa £12,570 osasuntha. Zopitirira pamenepo mpaka £50,270 amadula 20%, zikapyola apo ndi 40%. Izi ndi za England, Wales ndi Northern Ireland, a ku Scotland muli ndi magawo anuanu osiyanako koma £12,570 ija ndi yomweyo.

Vuto limabwera poti abwana sadikira kuti chaka chithe ndiye adule. Amadula malipiro aliwonse akamatuluka, ndiyo PAYE ija, dzina lomwelo lomwe tinkaliona pa payslip kumudzi a MRA akatenga zawo. Kompyuta ya payroll imagawa £12,570 ija m'miyezi 12, pafupifupi £1,048 pa mwezi kapena £242 pa sabata kwa olandira pa sabata, n'kumatsatira tax code imene yapatsidwa. Code ikakhala yolakwika kompyutayo ilibe chisoni, imangodula.

Choyamba, sonkhanitsani mapepala. P60 ndi imene abwana amakupatsani chaka cha msonkho chikatha, lamulo limati pofika pa 31 Meyi ikhale itakupezani, ndipo imaonetsa ndalama zonse zomwe munalandira komanso msonkho wonse womwe anadula. Amene amakupatsani ndi abwana omwe munali nawo pa 5 Epulo, ndiye ngati tsiku limenelo munali ndi ntchito ziwiri ma P60 akhalanso awiri. P45 ndi ya ntchito yomwe munasiya chaka chili mkati. Masiku ano zambirizi zimabwera pa portal ya kuntchito osati papepala, ndipo mukangosiya ntchito ambiri amakutsekerani kunja, choncho dawunilodani zonse musanatsanzike, muzitumize ku imelo yanu. Ngati zonsezi mulibe, payslip yomaliza ya mu Malichi imathandiza, yang'anani pomwe alemba kuti year to date kapena YTD, pamenepo pali ndalama za chaka chonse ndi msonkho wake.

Kenako tsegulani akaunti yanu ya HMRC. Njira yachidule ndi apu ya HMRC pafoni, kapena kulowa pa gov.uk n'kusaka personal tax account. Ndi zaulere, tsamba lililonse lomwe likukupemphani ndalama kuti mulowe si la boma, tulukanimo. Mufunika National Insurance number yanu ndipo akufunsani timafunso totsimikizira kuti ndinudi, kawirikawiri kuchokera pa payslip yaposachedwa, P60 kapena laisensi yoyendetsera galimoto ya kuno, ndiye khalani nazo pafupi musanayambe chifukwa mukalakwitsa kangapo amakutsekerani kaye. Akakupatsani Government Gateway user ID, ija ya manambala 12, ilembeni pamalo abwino pamodzi ndi pasiwedi. Osapatsa munthu, kaya ndi mlamu wanu kaya ndi mkulu wa mpingo.

Mukalowa pitani pa gawo la PAYE, muona chaka chino komanso zaka zam'mbuyo. Pa chaka chilichonse chomwe HMRC yawerengera kale imanena poyera, mwina kuti munalipira zokwanira, mwina zopitirira, mwina zoperewera. Ena mungolowa n'kupeza ndalama ikukudikirani pomwepo ndi batani loti muitanitse. Koma musathere pamenepo, yang'ananinso mndandanda wa mabwana omwe HMRC ikudziwa kuti mumawagwirira. Muona mwina ejensi ina yomwe munagwirako mashifiti atatu chaka chatha ikadali pamenepo ngati mukugwirabe. Muonanso ngati ndalama zomwe abwana anauza HMRC zikufanana ndi zomwe zili pa payslip zanu, ndipo ngati pali abwana omwe amakudulani msonkho koma dzina lawo silikuoneka n'komwe, imeneyo ndi nkhani ina yaikulu, sungani ma payslip onse ndi ma statement a ku banki muwaimbire a HMRC. Muli momwemo konzaninso adiresi. Ife timasamuka kwambiri, lero Luton mawa Leeds, ndipo makalata a HMRC aja a mu envelopu ya khaki amakaunjikana kunyumba yakale anthu ena akuwapondaponda pakhomo.

Tsopano tax code. Tengani payslip muyang'ane kumtunda kapena m'mbali, pali timanambala ndi chilembo. 1257L ndiyo ya anthu ambiri, kutanthauza kuti £12,570 yanu mukuilandira yonse pa ntchito imeneyo. A ku Scotland imayamba ndi S, a ku Wales ndi C. Ikakhala BR ndiye kuti paundi iliyonse ikudulidwa 20% kuyambira yoyambirira, mulibe gawo laulere. 0T ndi chimodzimodzi, gawo laulere palibe, ndipo malipiro akakula imakwera mpaka 40%. D0 ndi 40% pa zonse. Yoyamba ndi K ndiye kuti HMRC ikuti muli ndi ngongole kapena zina zomwe mumalandira zaposa gawo lanu laulere. Ndiye pali yachinyengo kwambiri, ija yooneka ngati ili bwinobwino, 1257L koma kumapeto kwake kuli W1, M1 kapena X. Imeneyi ndiyo emergency tax code yomwe anthu amaitchula ija.

Chinyengo chake chili apa. Code yabwinobwino imakumbukira miyezi yam'mbuyo, ngati simunagwire ntchito kuyambira Epulo mpaka Sepitembala gawo laulere la miyezi imeneyo silitayika, limasonkhana n'kukudikirani. Code ya M1 siikumbukira kanthu, mwezi uliwonse imautenga pawokha, £1,048 basi zinazo dula. Tiyerekeze mayi wina anafika mu Sepitembala, n'kuyamba ntchito ku care home pa 1 Okutobala, malipiro £2,000 pa mwezi. Kufika kumapeto kwa Malichi walandira kasanu n'kamodzi, zonse pamodzi £12,000. Ndalama imeneyi sinafike pa £12,570, ndiye msonkho wake wa chaka chimenecho ndi ziro, ngakhale peni. Koma ngati anamuika pa 1257L M1, mwezi uliwonse amadulidwa 20% ya £952, pafupifupi £190, miyezi yonseyo pamodzi n'kupitirira £1,100. Ngati anali pa BR kapena 0T ndiye £400 pa mwezi, pamodzi £2,400. Yonseyo ndi yake, iyenera kubwerera. Ndi chifukwa chake ndimati chaka choyamba chomwe munafikira kuno ndicho muyambe kuchiyang'ana, ndalama zambiri zimabisala mmenemo.

Zimachitika bwanji kuti munthu agwere pa code zoterezi? Tsiku loyamba ntchito ngati mulibe P45 amakupatsani kafomu kotchedwa starter checklist, kali ndi A, B ndi C. A ndi ya munthu amene iyi ndi ntchito yake yoyamba chiyambire 6 Epulo. B ndi ya amene anagwirako kwina chaka chomwecho koma pano wasiya. C ndi ya amene ali ndi ntchito inanso pakali pano. Munthu wangotsika ndege, mutu ukadali ku Chileka, amupatsa mulu wa mafomu kuti asaine, amangochonga paliponse, mwinanso sanakaone n'komwe kafomuko. Akachonga C wagwera pa BR, akapanda kudzaza wagwera pa 0T.

Masamu ake ndi osavuta. Phatikizani malipiro onse a chaka chimodzi cha msonkho kuchokera ku ntchito zonse, mutenge nambala ya pay yomwe ili pa P60 kapena taxable pay pa payslip chifukwa kwa ena ndalama ya penshoni imayamba yachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Samalani musawerengere kawiri, ngati munapereka P45 kwa abwana atsopano P60 yawo imaonetsa kale za ntchito yakale ija pa mzere wake. Chotsanipo £12,570. Zotsalazo tengani 20%. Yankholo liyerekezeni ndi msonkho wonse womwe munadulidwa. Mwachitsanzo amene walandira £24,000 chaka chonse, kuchotsa £12,570 kutsala £11,430, ndipo 20% yake ndi £2,286. P60 ikaonetsa nambala yoyandikira pamenepo, kusiyana kwa mapaundi awiri atatu, ndiye kuti zili bwino, palibe chanu, pitani mukagone. Ikaonetsa £2,900 ndiye pali £600 ndi kanthu yoti muifunse.

A ntchito ziwiri mvetserani apa chifukwa ambiri mumakwiya ndi BR popanda chifukwa. Ngati ntchito yanu yaikulu imakupatsani zoposa £12,570 pachaka, gawo laulere lathera kumeneko ndipo BR pa ntchito yachiwiri ndi yolondola, zowawa koma zolondola. Pomwe pali ndalama ndi kwa inu amene muli ndi timaganyu tiwiri titatu tosakwana, monga ambiri a pa dependant visa. Tinene kuti ntchito yomwe ili ndi 1257L yakupatsani £9,000 chaka chonse, ina ya BR yakupatsani £8,000 n'kudula £1,600. Zonse pamodzi ndi £17,000, kuchotsa £12,570 kutsala £4,430, msonkho wake £886. Mwalipira £714 yopitirira chifukwa gawo laulere linatsala osagwira ntchito kumbali inayo. Mutha kuwauza a HMRC kuti agawe gawo laulerelo pa ntchito ziwirizo kuti zisabwerezeke. Ndipo ejensi yakufa ija ndanena kale, ikakhala kuti ndiyo yagwira 1257L yanu pomwe ntchito yeniyeni ili pa BR, lowani mu apu muwauze tsiku lomwe munasiya, code yatsopano ipita kwa abwana anu. Ana asukulu nanunso zimakukhudzani, mumagwira maola ochepa nthawi ya sukulu kenako patchuthi n'kugwira mwamphamvu, miyezi ya tchuthiyo imadulidwa kwambiri pomwe chaka chonse mwina simunafike n'komwe pa £12,570.

Chinthu chimodzi choti musasokoneze, National Insurance si income tax. Pa payslip ili pa mzere wake, chiyambire Epulo 2024 ndi 8% pa zopitirira £1,048 pa mwezi, ndipo imawerengedwa pa malipiro aliwonse paokha osati pa chaka. Mayi wa £12,000 uja msonkho abwezeredwa koma NI ayi. Musaiphatikize pa masamu anu, mungadzipatse chiyembekezo chabodza.

Mwapeza kuti munalipira zambiri, ndiye mutani? Zikutengera kuti ndi chaka chiti. Ngati ndi chaka chomwe tili mkatichi, konzetsani code, pa apu kapena pafoni, ndipo ndalama sizichokera kwa HMRC mwachindunji, zimabwera kudzera pa malipiro anu. Mudzangoona mwezi wina msonkho wachepa kwambiri kapena uli ndi minus kutsogolo, malipiro atafufuma. Musathamangire kwa a payroll kuti alakwitsa, ndi refund yanuyo.

Ngati ndi chaka chomwe chinatha, HMRC imawerengera yokha n'kutumiza kalata yotchedwa P800, kawirikawiri kuyambira mu Juni mpaka Malichi wa chaka chotsatira, ndiye kusalandira kanthu mu Julaye sikutanthauza kuti akuiwalani. Apa pali posinthika pomwe anthu ambiri sakudziwa. Kale ukangokhala chete cheke chinkabwera chokha, koma kuyambira kumapeto kwa Meyi 2024 kwa anthu ambiri sizikuteronso, muyenera kuitanitsa nokha. Werengani kalatayo bwino, ikati claim online lowani pa apu kapena pa gov.uk ndi reference number ya pa kalatayo ndi NI number yanu, ndalama zimalowa ku banki m'masiku asanu ogwira ntchito. Mukasankha cheke mudikira mpaka masabata asanu ndi limodzi. Makalata ena amanena okha kuti cheke chikubwera, amenewo ingodikirani. Koma musanasangalale yerekezani manambala a pa P800 ndi a pa P60 zanu, HMRC imawerengera ndi zomwe inauzidwa, ikauzidwa zolakwika n'kukupatsani ndalama zambiri idzazifunanso. Chaka chikakhala kuti chinatha kalekale, P800 osabwera, masamu anu akuonetsa kuti muli ndi kanthu, musadikire, afunseni kuti awerengere chaka chimenecho.

Palinso ndalama ina yomwe HMRC singaidziwe yokha pokhapokha inu mutanena, ndiyo ya zomwe mumawononga m'thumba mwanu chifukwa cha ntchito. Yunifomu poyamba. Ngati mumavala yunifomu yeniyeni, ya logo kapena tuniki ija, n'kumachapa nokha kunyumba, pali flat rate yosafuna malisiti, £60 pachaka kwa ntchito zambiri, £125 kwa manesi, ma healthcare assistant ndi ena a zaumoyo. Koma tamverani, sakupatsani £125 ayi, amakubwezerani msonkho wa pa £125, kutanthauza £25 pachaka, ya £60 ija ndi £12. Ndi yochepa inde, koma mukaphatikiza zaka zinayi ndi thumba la ufa ndi ndiwo zake, ndipo mukangoitanitsa kamodzi imalowa mu code yanu, a £60 mumaona 1257L yasanduka 1263L. Ngati abwana amakuchapirani kapena zovala zanu ndi buluku lakuda wamba lomwe mungavale kupita ku ukwati, palibe chanu. Manesi musaiwale ndalama yomwe mumalipira ku NMC, bungwe la kaundula wa manesi lija, kwa nthawi yaitali inali £120 pachaka, msonkho wake £24, komanso ya RCN, mgwirizano wa manesi, imawerengedwa, bola mukulipira nokha osabwezeredwa ndi abwana.

Ndalama yooneka ili pa mamailo. Inu a domiciliary care amene mumazungulira ndi galimoto yanu kuchoka kwa gogo uyu kupita kwa gogo uyo, HMRC kwa zaka zapitazi yakhala ikuvomereza 45p pa mailo pa mamailo 10,000 oyamba pachaka, 25p pa otsatira. Abwana akamakupatsani zochepera, kusiyanako mumakuchotsera msonkho. Tinene amakupatsani 25p, kusiyana ndi 20p, mwayenda mamailo 6,000, ndiye £1,200, ndipo 20% yake ndi £240 pa chaka chimodzi. Ngati sakupatsani kalikonse ndiye 45p yonseyo. Ulendo wochoka kunyumba kupita kumalo amodzimodzi a ntchito tsiku ndi tsiku suwerengedwa, a ku care home imodzi musavutike. Fomu yake ndi P87, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 amafuna umboni, pa mamailo amafuna kaundula woonetsa tsiku, postcode yochokera ndi yofikira komanso chifukwa cha ulendowo. Ndiye yambani lero kulemba, kaya m'kope kaya pafoni, ndipo ma rota akale aja osafufuta chifukwa ndi omwe angakuthandizeni kukumbukira za chaka chatha. Zowononga zikapitirira £2,500 pa chaka chimodzi P87 sigwira, pamafunika Self Assessment, fomu yomwe mumadzaza nokha kuuza HMRC ndalama zanu zonse za chaka.

A pabanja, pali Marriage Allowance. Ngati mmodzi wa inu amalandira zosafika £12,570, mwina ali ndi mwana wakhanda pakhomo, mwina amagwira maola ochepa, atha kusamutsira £1,260 ya gawo lake kwa mnzake yemwe ali pa 20%, banja n'kupulumutsa mpaka £252 pachaka, ndipo mutha kubwerera m'mbuyo zaka zinayi ngati munali oyenera zaka zimenezo. Amene amapempha ndi wolandira zochepayo. Ndi ya okwatirana mwalamulo, kungokhalira limodzi sikuwerengedwa ngakhale muli ndi ana atatu.

Ndikudziwa mantha omwe ambiri muli nawo, akuti visa yanga inalembedwa no public funds ndiye ndikaitanitsa ndalama kuboma ndidzavutika pa ILR, chilolezo chokhazikika kuno chija. Public funds ndi zinthu monga Universal Credit ndi Child Benefit. Kubwezeredwa msonkho wanu womwe munalipira wopitirira sikuli m'gulu limenelo, itanitsani mtima uli m'malo.

Ntchito ikatha chaka chili mkati, mwakhala masabata anayi osagwira ndipo simukulandira benefit iliyonse, simukuyenera kudikira Epulo, pali fomu ya P50. Amene mukubwerera kumudzi kapena kusamukira dziko lina fomu yanu ndi P85, ndipo poti mwagwira gawo chabe la chaka nthawi zambiri pamakhala kanthu. Langizo langa, musathamangire kutseka akaunti ya ku banki ya kuno kapena kutaya nambala ya foni yomwe imalandira ma code olowera, cheke cha mapaundi kukachisintha muli ku Mzuzu ndi mutu wina waukulu. Amene muli self-employed, kaya mumagwira za delivery kaya pa site ya zomangamanga pomwe kontrakitala amakudulani 20% ya CIS, inu P800 sikukhudzani, refund yanu imatuluka mukadzaza Self Assessment, ya pa intaneti imafunika pofika pa 31 Januwale.

Nthawi nayo ili ndi malire. Muli ndi zaka zinayi kuchokera tsiku lomwe chaka cha msonkho chinatha. Za 2022/23 zimatsekedwa pa 5 Epulo 2027, za 2023/24 pa 5 Epulo 2028. Tsikulo likadutsa ndalama yapita.

Za ma ejenti tsopano. Mumawaona pa Facebook ndi pa TikTok, akuti tipatseni ma details anu tikupezereni refund ya masauzande. Ambiri zomwe amachita ndi kudzaza P87 yomweyo yomwe mukanadzaza nokha kwaulere kenako n'kudulapo gawo lalikulu, ena pafupifupi theka. Kuli ngati kulipira munthu kuti akutungireni madzi pampopi wa pakhomo panu. Oopsa kwambiri ndi aja amalemba zowononga zabodza m'dzina lanu, mamailo omwe simunayende, zida zomwe simunagule, ndalama n'kutulukadi inu n'kuvina. HMRC ikadzafufuza, ndipo imafufuza, imafuna ndalama yonse kwa inu, kuphatikizapo gawo lomwe ejenti anadya, mwinanso ndi chindapusa pamwamba, iye uja nambala yake sikupezekanso. Kwa munthu amene tsogolo lake kuno likudalira mbiri yoyera ku Home Office, nkhani yonama pa msonkho si yoseweretsa. Sindikuti ma accountant onse ndi oipa, ngati muli ndi bizinesi kapena nyumba ya lendi pezani wodziwika bwino mumulipire, koma za yunifomu ndi P800 chitani nokha.

Ndiye akuba enieni, mameseji aja oti you are due a tax refund dinani apa. HMRC siitumiza meseji, imelo kapena WhatsApp yokufunsani nambala ya khadi kapena ya akaunti kuti ikubwezereni ndalama. Mukalandira musadine, lowani nokha mu apu mukaone ngati kulidi kanthu. Meseji yoteroyo mutha kuitumiza ku 60599, imelo ku phishing@hmrc.gov.uk. Amachuluka kwambiri nthawi yomwe ma P800 akutuluka komanso mu Januwale.

Mwina mukafufuza mupeza kuti ndinu amene muli ndi ngongole, zimachitika, makamaka ngati ntchito ziwiri zonse zinali pa 1257L nthawi imodzi, gawo laulere munalidya kawiri. Kusayang'ana sikuichotsa, HMRC iipezabe. Ikakhala yosafika £3,000 ndipo mukugwirabe ntchito, kawirikawiri amaidula pang'onopang'ono kudzera mu code ya chaka chotsatira, ndipo ngati kudulako kukukufinyani mutha kuwapempha kuti aitambasule kwa nthawi yotalikirapo. Ngati simukugwirizana ndi manambala awo auzeni msanga, muli ndi P60 m'manja.

Zikakanika pa apu imbani 0300 200 3300, Lolemba mpaka Lachisanu. Imbani 8 koloko m'mawa akangotsegula, mukatsika night shift musanagone, chifukwa masana mukhoza kumvera kanyimbo kawo mpaka batire kutha. Khalani ndi NI number, ma P60 ndi ma P45 patebulo, komanso PAYE reference ya abwana aliyense yomwe ili pa P60. Nenani chaka chomwe mukufunsa, ndalama zomwe munalandira, msonkho womwe munadulidwa ndi code yomwe munali nayo, ndipo musanadule foni funsani kuti code yatsopano ndi chani komanso ifika liti kwa abwana, mulembe tsiku lomwe mwaimba ndi dzina la amene mwalankhula naye. Payslip yotsatira ikatuluka yang'anani ngati code yasinthadi, ikapanda kusintha pitani kwa a payroll ndi code yomwe ikuoneka mu apu yanu.